Kamera isendere pafupi ndi tsamba

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu ojambula zithunzi kudzera m'nyuzipepala yanuyi, makamaka Amalawi amene tili kuno ku Johannesburg, komanso achinyamata akumudzi amene ali ndi foni kapena kamera m'manja. Zithunzi zimene timatumizirana nthawi zambiri zimakhala za nkhope: ukwati, chinkhoswe, kwaya ya mpingo, mwana pa tsiku lomaliza sukulu. N'zofunika zimenezi, ndipo ena mwa ife ndi zimene zimatidyetsa. Koma pali kajambulidwe kena kamene tikukasiya pomwe zofunika zonse tili nazo: kusendeza kamera pafupi kwambiri ndi tsamba, khungwa la mtengo kapena mame, mpaka chinthucho chisiye kuzindikirika, patsale mizere, mtundu ndi mthunzi basi. Ntchito imeneyi silira ndalama zambiri. Imalira kuti munthu adziwe kusamala mtunda, kuwala ndi kugwedezeka, ndiponso kuti adziwe chimene akufuna kuchotsa pa chithunzi.

Munthu woyenera kuphunzirako ndi Karl Blossfeldt wa ku Germany, amene anabadwa mu 1865 n'kumwalira mu 1932. Anayamba ngati wophunzira ntchito pa malo oumbira zitsulo, ndipo kuyambira mu 1898 ankaphunzitsa pa sukulu ya zaluso ku Berlin, kuonetsa ophunzira mmene angaumbire zinthu potengera maonekedwe a zomera. Zithunzi zake sankajambulira kuti zikapachikidwe m'nyumba zachionetsero. Zinali zida za m'kalasi. Kamera anachita kukonza yekha, ndipo inkatha kukuza chinthu mpaka ka 30. Buku lake loyamba linatuluka mu 1928, iye ali ndi zaka zoposa 60, lili ndi zithunzi 120, ndipo ndi pamenepo dziko linamudziwa.

Chimene chimatikoka kwa iye ndi zomera zimene ankasankha. Sankathamangira maluwa ogula. Ankatola zomera wamba za m'mbali mwa njira ndi mwa njanji, n'kuchotsako masamba osafunika, n'kuimika kanthambi kamodzi patsogolo pa chinthu chosalala choyera, chotuwa kapena chakuda. Kuwala kunali kwa masana, kamera italunjika ndendende kuchokera m'mbali kapena pamwamba. Mwa zithunzi zake zodziwika muli cha tizingwe topotana timene dzungu limagwirira poyanga. Dzungu lomweli la nkhwani. Atatikuza, tizingweto timaoneka ngati zitsulo zopinda zimene amawotcherera pa geti, ndipo ngakhale munthu amene wakhala akutchola nkhwani kuyambira ali mwana sangatizindikire msanga. Palibe chimene anawonjezerapo. Anangochotsa zonse zozungulira, n'kusendera pafupi.

Apa Mmalawi wa ku Johannesburg ali pabwino kuposa mmene amaganizira. Abale athu ambiri amagwira ntchito ya m'minda ya maluwa ku Randburg, Sandton, Fourways ndi madera ena. Amadziwa sabata imene aloe, chomera cha masamba okhuthala a minga, ayambe kuchita maluwa, amadziwa mbali ya bwalo kumene mame amachedwa kuuma, amasiyanitsa tsamba lodwala ndi lathanzi ali patali. Diso lotere wojambula wa kusukulu amatha zaka akulifunafuna. Chotsala ndi kudziwa kagwiridwe ka chida.

Tiyambe ndi mtunda. Ojambula akamati 1:1 amatanthauza kuti chinthu chikugwera pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, pa kukula kwake kwenikweni: nyerere ya mamilimita 5 ikutenga mamilimita 5 pa sensa. Sensa ya makamera a sensa yaikulu, otchedwa full frame, ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya makamera amene ambirife timagula, a APS-C, ndi pafupifupi 23 ndi 15. Ndiye kuti pa 1:1 chithunzi chonse chadzaza ndi kachigawo ka tsamba kosakwana masentimita awiri ndi theka. Lenzi ya 18-55 yobwera pamodzi ndi kamera imafika cha pa 1:3, kutanthauza kuti chinthu chimagwera pa sensa chitachepa katatu, ndipo pa khungwa la mtengo kapena tsamba lalikulu zimenezo n'zokwana kale. Yambirani pamenepo musanagule kalikonse: ikani pa 55, senderani mpaka fokasi ikane, ndiko kuti chinthucho chisiye kuoneka bwino, kenako bwererani pang'ono.

Wofuna kupitirira apo ali ndi njira zotchipa kusiyana ndi kugula lenzi ya macro, yopangidwira kujambula pafupi. Ma extension tube ndi mphete zopanda galasi zolowa pakati pa kamera ndi lenzi, ndipo kawirikawiri amagulitsa zitatu pamodzi: ya mamilimita 12, ya 20 ndi ya 36. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Gawani kutalika kwa mphete ndi nambala ya lenzi. Mphete ya 36 pa lenzi ya 50 imawonjezera kukuza kwa 0.72 (1:1 ndiye 1), ndipo mukaphatikiza ndi kukuza kumene lenziyo ili nako kale mwayandikira 1:1. Mukaika mphete, zinthu zakutali sizigwiranso fokasi, ndiye musaganize kuti kamera yaonongeka. Vuto lenileni lili pa mphete zotchipa kwambiri zopanda timawaya tolumikiza kamera ndi lenzi. Malenzi ambiri amakono bowo lake lolowera kuwala limasinthidwa ndi kamera, choncho mawayawo akasowa simungathenso kusankha f/8 kapena f/11, manambala osonyeza kukula kwa bowolo (nambala ikakula, bowo limachepa). Yang'anani mkati mwa mphete ngati muli timadontho tachitsulo musanapereke ndalama.

Njira ina ndi kutembenuza lenzi, kutsogolo kuyang'ane ku kamera, pogwiritsa ntchito kamphete komangira. Kamphete kameneka kafanane ndi nambala ya kukula kwa kamwa la lenzi yolembedwa kutsogolo kwa lenzi yanu, kaya 49, 52 kapena 58. Lenzi ya 50 yotembenuza imapereka pafupifupi 1:1, ya 28 pafupifupi 2:1. Imayenda bwino ndi malenzi akale okhala ndi mphete yosinthira bowo ndi dzanja, amene amapezeka motchipa m'masitolo a zinthu zakale. Dziwani kuti galasi lakumbuyo limakhala poyera, pafupi kwambiri ndi minga ndi mchenga. Palinso magalasi omangira kutsogolo kwa lenzi olembedwa +2, +4 kapena +10. Gawani 100 ndi nambalayo kuti mudziwe masentimita amene muime: +4 ndi masentimita 25. Pa lenzi ya 50 galasi la +4 limangopereka 0.2, koma pa lenzi ya 200 limapereka 0.8, ndiye malo ake ndi pa lenzi yaitali. Otchipa amabweretsa timizere tofiirira ndi tobiriwira m'mphepete mwa chithunzi, ndipo la +10 ndilo limanyanya.

Tsopano pamene ambiri amagwera ulesi. Mukasendera pafupi, mpata umene umagwira fokasi umachepa koopsa. Pa 1:1, bowo lili pa f/8, kamera ya full frame imagwira fokasi pa mpata wosakwana milimita imodzi. Pa f/16 mpatawo sukwana mamilimita awiri. Pa APS-C ndi wocheperapo. Mukabwerera m'mbuyo kufika pa 1:2, f/8 imakupatsani pafupifupi mamilimita atatu. N'chifukwa chake munthu amajambula duwa, n'kupeza kuti nsonga imodzi yokha ndiyo ikuoneka bwino, kwina konse chimbuuzi, n'kuyamba kuda lenzi. Lenziyo ilibe mlandu, ndi mmene kuwala kumayendera.

Maganizo oyamba amakhala otseka bowo mpaka f/22 kapena f/32. Zimenezo zimabweretsa mavuto awiri. Pa 1:1 kuwala kofika pa sensa kumachepa kanayi, ndipo f/22 imachita ngati f/45. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono chotere kumamwazika, chithunzi chonse n'kufewa, osapezekanso ngakhale malo amodzi ooneka bwino. Chachiwiri, fumbi lililonse lili pa sensa limaonekera ngati madontho akuda. Ife timalangiza f/8 mpaka f/11 pa 1:1, ndipo f/16 pokhapokha mwabwerera pa 1:2 kapena kutali kuposa apo. Kuti mudziwe ngati sensa ili ndi fumbi, jambulani pepala loyera pa f/22. Chotsani ndi kampira kopopera mpweya, kamera itayang'ana pansi. Osapemerera ndi pakamwa, malovu amasiya zipsera zovuta kuchotsa.

Chothandiza kwambiri ndi chaulere: kumbuyo kwa kamera kukhale kolingana ndi nkhope ya chinthu chimene mukujambula. Tsamba likagona chopendekera, pendekerani kamera chimodzimodzi, kuti mbali zonse zinayi za chithunzi zitalikirane mofanana ndi tsambalo. Kupendekera pang'ono chabe kumataya theka la chithunzi. Blossfeldt ankalunjika ndendende, ndipo muona chifukwa chake mukangoyesa. Fokasi yodzichitira yokha izimitseni, chifukwa pa mtunda wotere imangosakasaka. Ikani lenzi pa kukuza kumene mukufuna, kenako sunthani thupi lanu kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka mzere umene mukuufuna uonekere, ndipo jambulani zitatu kapena zinayi motsatizana. Ena amajambula zithunzi 10 mpaka 30, chilichonse fokasi itasunthidwa pang'ono, n'kuziphatikiza pa kompyuta ndi mapulogalamu monga Helicon Focus, Zerene Stacker kapena Photoshop. Zimatheka, koma tsamba likangosuntha pakati pa ntchitoyo m'mphepete mumatuluka mizukwa ya mizere iwiriiwiri. Siyani kaye zimenezo mpaka chithunzi chimodzi mutachidziwa.

Kugwedezeka kumakula pamodzi ndi chithunzi. Mukagwira kamera m'manja pa 1:1, shata, kachitseko kolowetsa kuwala, isatseguke nthawi yoposa 1/250 ya sekondi, ndipo musaope kukweza ISO, nambala ya mmene sensa ikumvera kuwala, kufika 400 kapena 800. Timadontho ta ISO timapiririka, koma chithunzi chogwedezeka chilibe mankhwala. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yabwino, koma zambiri zimene tikunenazi zili pansi penipeni pamene tripod yotchipa sifika. Thirani kilogalamu imodzi ya mpunga kapena nyemba mu sokosi yokhuthala, mangani kukamwa, khazikani kamera pamenepo. Ikani taima ya masekondi awiri kuti dzanja lichoke shata isanatseguke. Kamera ikakhazikika chonchi, zimitsani chochepetsa kugwedezeka cha mu lenzi, chifukwa pa malenzi ena chimayamba kusuntha chokha chikasowa chogwedezeka.

Kamera ikhoza kukhazikika, tsamba osakhazikika. Mphepo imene simukuimva n'komwe pakhungu imasuntha udzu mamilimita angapo, ndipo taona kale kuti tili ndi milimita imodzi yokha. Jambulani m'mamawa 8 koloko isanakwane, mpweya usanayambe kutentha. Mwezi wa Ogasiti kuno ndi wa mphepo ndi fumbi, ndi bwino kugwirira ntchito m'nyumba. Panja, mangirirani chopanira zovala ku waya wolimba wa masentimita 30 kapena 40, nsonga ina ya wayayo ku kamtengo kozika pansi, n'kupana phesi m'munsi pamene sipaoneka pa chithunzi. Katoni yoimika mbali yochokera mphepo imathandizanso. Mukadula kanthambi kuti mukajambulire m'nyumba, konzani zonse kaye musanadule, ndipo kaikeni m'botolo la madzi nthawi yomweyo. Tizingwe ta dzungu ndi masamba anthete zimafota m'mphindi zochepa.

Kuwala ndiye mwini nkhani. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'nyengo yozizira kumwamba kumakhala kopanda mtambo kwa masabata. Dzuwa lotere limaotcha malo owala pa tsamba n'kusandutsa mithunzi kukhala bii, ndipo sensa singasunge zonse ziwiri. Tchingani dzuwa ndi nsalu yoyera yopyapyala kapena pepala lophikira makeke, mutaligwira masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa chinthucho. Mbali ya mthunzi ikani foyilo yofinyafinya kenako yotambasula pa katoni, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa tsamba. Foyilo yosalala imaponya kuwala kolasa malo amodzi, n'chifukwa chake timaifinya. M'nyumba, sankhani zenera loyang'ana kumwera, popeza kuno dzuwa la masana limadutsa chakumpoto chaka chonse. Owerenga akumudzi asamale apa: ku Malawi m'miyezi ya Disembala ndi Januwale dzuwa limadutsa chakumwera, ndiye nthawi imeneyo zenera labwino ndi lakumpoto. Zimitsani babu la m'chipinda. Kuwala kwa babu ndi kwa pazenera zikasakanizana, mbali ina ya chithunzi imatuluka yachikasu, ina yabuluu, ndipo kukonza kwake n'kovuta.

Kumene kuwala kukuchokera ndiko kumasankha chimene chioneke. Kukachokera m'mbali, chogona pafupi ndi nkhope ya chinthu, kumadzutsa makwinya onse: khungwa, ubweya wa pa tsamba la dzungu, mizere ya pa chikoko cha nyemba. Tochi ya foni ya mnzanu ikwana, bola aigwire motsika ndi kuisuntha pang'onopang'ono inu mukuyang'ana. Kukachokera kumbuyo kumaonetsa mitsempha. Matani pepala lophikira makeke pa zenera, tsamba pamwamba pake, n'kujambula molunjika. Tsamba la papaya, la mpiru kapena la mbatata limatuluka ndi misewu yake yonse. Fulashi ya pa kamera payokha siithandiza, chifukwa lenzi imaitchinga n'kuponya mthunzi pa chinthu chomwecho. Boolani chivundikiro choyera cha kontena ya ayisikilimu ya malita awiri, chilowe kutsogolo kwa lenzi, kuti fulashi iziwomba chivundikirocho. Shata pa 1/200, mphamvu ya fulashi pa 1/8 kapena 1/16, f/11, ISO 200, kenako sinthani malinga ndi zimene mwaona. Fulashi imawala kanthawi kochepa kwambiri moti imaimitsa ngakhale kunjenjemera kwa dzanja.

Chakumbuyo chikhale chosanyezimira ndipo chitalikire masentimita 30 mpaka 50. Chikayandikira, mthunzi wa tsamba umagwerapo ndipo ulusi wa nsalu umaonekera. Pulasitiki yakuda ya zinyalala imanyezimira, musaigwiritse ntchito. Kumbukiraninso kuti kamera imafuna kusandutsa chilichonse kukhala chotuwa. Pa chisanu choyera kapena duwa loyera wonjezerani kuwala ndi +1. Chakumbuyo chikakhala chakuda chepetsani ndi -1, apo ayi tsamba lipserera. Maluwa ofiira a aloe amataya mizere yake msanga, ndiye chepetsani pang'ono ngakhale chithunzi chikuoneka ngati chili bwino. Maluwa a jacaranda amakonda kutuluka abuluu kamera ikasankha yokha mtundu wa kuwala. Sankhani nokha chizindikiro cha dzuwa kapena cha mtambo, ndipo amene kamera yake ili ndi RAW, njira yosunga chithunzi chisanakonzedwe ndi kamera, ajambule mu RAW.

A mafoni asadzione otsalira. Sensa yaing'ono ya foni imagwira fokasi pa mpata wokulirapo, ndipo apa ndi mwayi. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imasiya kugwira fokasi mukayandikira kuposa masentimita 8 kapena 10, choncho imani pamenepo, dinani chala pa sikirini mpaka fokasi itsekeke, tsitsani kuwala pang'ono ndi kachizindikiro ka dzuwa, n'kugwiritsa ntchito taima. Mafoni otchipa ambiri ali ndi kakamera kolembedwa macro ka ma megapixel awiri okha. Kakamerako kamapereka madontho 1600 ndi 1200, okwana kusindikiza chithunzi cha masentimita 13 ndi 10 basi. Nthawi zambiri ndi bwino kujambula ndi kamera yaikulu n'kudula chithunzicho pambuyo pake. Timagalasi topanira pa foni timagwira ntchito pa masentimita awiri kapena atatu, ndipo vuto lake ndi loti foni yomweyo imatchinga kuwala, ndiye kuwala kubwere cham'mbali. Kagalasiko kakhale pakati penipeni pa kamera, chifukwa kakasuntha pang'ono mbali imodzi imada. Pukutani galasi la foni musanayambe. Mafuta a m'manja ndiwo amachititsa utsi umene anthu amati ndi kufooka kwa foni.

Zonsezi ndi zida chabe. Funso lalikulu ndi loti chithunzi cha tsamba chimasiya liti kukhala chithunzi cha tsamba. Yankho lathu ndi ili: chimasiya pamene m'mphepete mwa tsambalo mwatuluka kunja kwa chithunzi. Munthu akaona mpendero wonse wa tsamba, mutu wake umati "tsamba", n'kusiya kuyang'ana. Mukadula mpenderowo, chithunzi chonse n'kudzaza ndi mkati mwake, diso limakakamizika kuyenda ndi mizere chifukwa lasowa dzina loti lipumirepo. Choncho senderani mpaka dothi, thambo ndi mpanda zitachoka. Kenako sankhani chinthu chimodzi chokha choti chilamulire: mzere umodzi wokhota, kapena kubwerezabwereza monga minga ya m'mphepete mwa aloe, kapena malire a mitundu iwiri monga pamene tsamba louma layamba kudya lobiriwira. Zikakhala ziwiri zimalimbana, woonera n'kutopa.

Musanadine, yendetsani diso m'ngodya zonse zinayi. Kadontho kowala pangodya kamakoka diso kuposa chinthu chimene mwavutikira pakati. Mukajambula, tembenuzani chithunzicho chadodolido. Ngati chikukomabe, ndiye kuti mizere yake yaima payokha. Ngati chagwa, ndiye kuti chimangodalira kuti munthu azindikire duwalo. Yesaninso kuchotsa mitundu yonse chikhale chakuda ndi choyera, monga zinalili za Blossfeldt. Zithunzi zambiri za maluwa zimabisala kumbuyo kwa mtundu wokongola, ndipo mtunduwo ukachoka sipatsala kanthu. Tikudandaula ndi chizolowezi chokweza mitundu pa foni mpaka tsamba liwale mopitirira chilengedwe. Kumeneko n'kupha timizere tating'ono timene munasenderera pafupi kuti mutione.

Pali njira ina yosiyana ndi ya Blossfeldt imene ndi yoyenera kuyesa pa udzu wautali: ISO 100, f/16 kapena f/22, shata pakati pa 1/15 ndi 1/4, n'kusuntha kamera motsata kumene udzu waloza shata ili yotsegula. Pamatsala mikwingwirima ya mtundu yokhayokha. Imafuna kuwala kochepa kwa m'bandakucha kapena madzulo, ndipo zambiri zimatayidwa. Koma woyamba kumene achite izi kaye: tsamba limodzi, zithunzi 20 zosiyana, osachoka pamalo.

Chaka cha kuno chimapereka ntchito mwezi uliwonse. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, ndipo m'malo otsika udzu umadzuka ndi chisanu choyera chimene chimasungunuka dzuwa likangochikhudza. Fikani kusanache, musapumire pa tsamba chifukwa mpweya wanu usungunula zonse, ndipo batire yapadera muisunge m'thumba la mkati poti kuzizira kumaifooketsa. Nyengo yomweyo aloe amachita maluwa, ndipo pamene tchire lapsa pamadzaphuka msipu wobiriwira pa phulusa lakuda. Mu Okutobala ndi Novembala jacaranda amathothoka m'misewu ya ku Melville, Kensington ndi Houghton, ndipo maluwa ogwa pa tala yonyowa amaposa amene ali mumtengo. Mvula ya masana ya m'nyengo yotentha imasiya madontho pa tsamba lililonse, koma mphezi za kuno zimapha, ndiye dikirani mabingu apite. Mu Marichi ndi Epulo maluwa a cosmos amadzaza m'mbali mwa misewu. Ku Melville Koppies ndi ku The Wilds, malo osungirako zachilengedwe, kuli miyala yokutidwa ndi ndere za mitundumitundu, zimene sizisuntha ndi mphepo, choncho n'zabwino kuphunzirirapo. Ku Melville Koppies fufuzani kaye masiku otsegula. Munda wa zomera wa ku Emmarentia ndi wa Walter Sisulu ku Roodepoort ndi malo ena abwino, ndipo m'malo onsewa kuthyola zomera n'koletsedwa.

Munthu amene diso lili pa kamera saona zimene zikuchitika kumbuyo kwake, choncho pitani awiri, wina aziyang'anira. Mu udzu wautali muli nkhupakupa ndi njoka yolavula yotchedwa rinkhals, ndiye gwedezani udzu ndi ndodo musanagwade. Zomera za utomoni woyera monga nkhadze zimaononga maso, sambani m'manja musanagwire kumaso. Amene akujambula pa bwalo la kuntchito apemphe kaye kwa eni nyumba, nyumba ndi nambala ya galimoto zisaoneke, ndipo azimitse chosonyeza malo mu kamera ya foni, chifukwa chithunzi chimatha kunyamula adiresi mkati mwake. Ntchito ya munthu isathe chifukwa cha chithunzi cha duwa.

Chithunzi chotere chimafuna kusindikizidwa chachikulu, popeza mphamvu yake ili pa kuona chinthu cha masentimita awiri chitadzaza pepala. Pepala la A4 limafuna madontho 2480 ndi 3508, pafupifupi ma megapixel 9. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo timizere tija timasowa. Pepala losanyezimira limayenerana ndi zakuda ndi zoyera. Wofuna maphunziro a kujambula akafunse ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu imene wojambula zithunzi David Goldblatt anayambitsa mu 1989.

Pempho lathu kwa inu, a Mkonzi, ndi loti mupatule kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, ka chithunzi chimodzi chotere chochokera kwa owerenga. Wotumiza alembe dzina la chomeracho m'Chichewa, malo amene wajambulira, chida chimene wagwiritsa ntchito ndi kumene kuwala kumachokera, kuti ena aphunzirepo. Tikufuna kuona ndevu za chimanga ndi ngayaye, mkati mwa duwa la therere, njere za chisoso zimene zimatimata pa thalauza, khungwa la mlambe wa ku Mangochi, nsonga ya tiyi wa ku Thyolo, mamba a chambo. Za ku Johannesburg titumiza ife, za kumudzi atumize akumudzi. Ndipo posindikiza musadule m'mbali mwa chithunzicho kuti chikwane pa danga, chifukwa wojambula anayeza ngodya zonse zinayi asanadine.

Ndife owerenga anu ojambula zithunzi,
Johannesburg